CILOLEZO NCOBWEREKA, UNZIKA NCOLOWA

Palibe mudzi m'Cigawo ca Kum'mawa, kucokera ku Lundazi kufikira ku Nyimba, umene ulibe mwana wake kunja kwa dziko lino. Wina ali ku Johannesburg, wina ayendetsa malole a katundu pakati pa Durban ndi Lubumbashi, wina asamalira nkhalamba za eni ku Britain, ndipo wina anapita ku Harare kale-kale, dziko lisanalandire ufulu, osabwereranso. Makolo akalandira ndalama pa lamya amayamika, nagula feteleza ndi malata, koma ndi ocepa amene amafunsa mwana waoyo funso limene liposa mafunso onse, lakuti: kodi mapepala ako adzatha liti? Ife a nyuzipepala ino tifuna kuti funso limeneli liyambe kufunsidwa m'nyumba iriyonse, cifukwa tsiku limodzi lolembedwa pa pepala likhoza kugwetsa zonse zimene munthu wamanga pa zaka makumi awiri.

Mapepala amene munthu akhala nao kunja ali a mitundu iwiri, ndipo tsoka la anthu athu ambiri layambira pa kusasiyanitsa mitundu imeneyi. Mtundu woyamba ndi cilolezo cimene eni dziko amapatsa mlendo kuti akhale, agwire nchito kapena aphunzire pakati pao. Cilolezo ciri ndi tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza, ndipo amene anacipereka ali ndi mphamvu yakukana kucionjezera. Mtundu waciwiri ndi mapepala a kwanu, ndiwo kalata ya kubadwa, citupa cobiriwira ca NRC cimene tonse timacicha reji, ndi pasipoti. Amenewa ndi umboni wa unzika, ndipo unzika suli wobwereka ai, ndi colowa cocokera kwa makolo. Mlimi aliyense adziwa kuti pa munda wobwereka amabzalapo cimanga ndi nshawa, koma sabzalapo mango, ndiponso sataya munda wa makolo ake cifukwa cakuti wobwerekawo wabereka bwino caka cino. Cimene mlimi adziwa pa za minda, ana athu a kunja ayenera kucidziwa pa za mapepala.

PHUNZIRO LA MACHONA

Nkhani imeneyi si yacilendo kwa ife. Atsamunda atabweretsa msonkho wa nyumba, amuna a ku Fort Jameson, ku Petauke ndi ku Lundazi anayamba kutsikira kum'mwera kukafuna ndalama, poyamba ulendo wa pansi, pambuyo pake pa malole a Ulere, ndipo ena Wenela inawatenga kufikira ku migodi ya golide ya ku Joni. Anagwira nchito m'mapulazi a fodya a ku Mashonaland, m'migodi, ndi m'nyumba za azungu ku Salisbury ndi ku Bulawayo. Pamene mgodi wa malasha wa Wankie unaphulika mu Juni 1972 ndi kupha anthu oposa 400, ana ambiri a Zambia anali pakati pa akufawo. M'zaka za Citaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, maiko a Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland anali omangidwa pamodzi, ndipo munthu wa ku Katete wogwira nchito ku Salisbury sanadzione ngati ali kunja. Anakwatira komweko, nabala ana, nakhazikitsa dambwe la Gule Wamkulu pa pulazi kapena pa komboni ya mgodi, monga acitira munthu amene wafika.

Citaganya citatha, malire amene anali mzere cabe pa mapu anasanduka mpanda. Zambia inalandira ufulu mu 1964, Ian Smith analanda ulamuliro wa Rhodesia mu 1965, ndipo mu Januwale 1973 anatseka malire pa Zambezi. Njira ya kum'mwera sinatsegukenso kufikira 1978. Makalata analeka kufika, makolo anamwalira osaonana ndi ana ao, ndipo kumudzi anthu aja anangochedwa machona. Amene anabadwira kuno anali ndi danga lakukhala nzika za Zambia, koma ambiri sanabwere kudzatenga reji, pakuti sanaone cifukwa cake. Ana ao ndi adzukulu ao anabadwira kumeneko, nalankhula Cishona kapena Cindebele, ndipo Zimbabwe italandira ufulu mu 1980 anadziyesa eni dziko monga anzao onse.

Mu 2000 mapulazi a azungu anayamba kulandidwa, ndipo anchito a m'mapulazi, amene ambiri mwa iwo anali mbeu ya anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, anataya nchito ndi nyumba tsiku limodzi, cifukwa nyumbazo zinali za pa pulazi. Mu 2001 Nyumba ya Malamulo ya ku Zimbabwe inasintha lamulo la unzika. Akulu-akulu olembetsa nzika analamula kuti munthu aliyense amene angakhale ndi danga la unzika wa dziko lina akaukane motsata malamulo a dziko linalo pa miyezi isanu ndi umodzi, apo ai ataya unzika wa Zimbabwe. Taganizani za mdzukulu wa munthu wa ku Chadiza, wobadwira pa pulazi, amene Zambia sanaiponde ndi kale lonse. Kuti akane unzika wa Zambia anayenera kuyamba wasonyeza kuti ali nao, koma pepala losonyezera analibe. Zimbabwe inamuuza kuti ndiwe wa ku Zambia, pamene m'mabuku a Zambia dzina lake munalibe. Anthu otere zitupa zao zinalembedwa kuti ndi alendo, ndipo ambiri anakanizidwa kuponya voti pa masankho a 2002.

Mu 2005 boma la Zimbabwe linagwetsa nyumba ndi misika ya m'makomboni pa nchito imene linaicha Murambatsvina. Nthumwi ya bungwe la United Nations, Mai Anna Tibaijuka, inawerengera kuti anthu pafupi-fupi 700,000 anataya nyumba kapena njira yopezera cakudya. Anthuwo anauzidwa kuti abwerere ku midzi ya kwao. Amene anali ndi mudzi anapita, koma adzukulu a machona analibe mudzi ku Zimbabwe, ndipo njira ya mudzi wa kuno sanaidziwe. Malamulo atsopano oyendetsera dziko la Zimbabwe a mu 2013 anakonza colakwaco, pobvomereza kuti munthu wobadwira m'dzikomo ndi kukhala momwemo, amene kholo lake linali nzika ya dziko lina la m'bungwe la SADC, ndi nzika mwa kubadwa. Komabe lamulo silithandiza munthu amene alibe kalata ya kubadwa, ndipo kalatayo siperekedwa kopanda mapepala a makolo. Mu 2021 bungwe la Amnesty International linacenjeza kuti anthu ngati 300,000 ku Zimbabwe anali pa ngozi yakukhala opanda dziko.

Anthu amenewa sanapalamule mlandu. Analima fodya wa eni, nakumba malasha ndi golide wa eni, ndipo malipiro ao omaliza anali kufunsidwa kuti kwanu nkuti. Cimene cinawasowa ndi cingwe cowalumikiza ndi kwao, cimene cikanawakoka pa tsiku la tsoka. Tisabise, ifenso a kumudzi tiri ndi mbali yathu pa kuduka kwa cingweco, pakuti titawacha machona tinaleka kuwafuna, tinagawana minda yao, ndipo maina a ana ao sitinawalembe pena paliponse.

ZIMENE ZACITIKA KU SOUTH AFRICA

Wina anganene kuti zimenezo ndi za anthu akale osaphunzira, ndi kuti ana a lero ali ndi zilolezo zeni-zeni zodindidwa ndi boma. Amene aganiza motero amve nkhani ya anthu a ku Zimbabwe okhala ku South Africa. Cuma ca dziko lao citagwa, anthu zikwi-zikwi anaoloka Limpopo, ndipo mu 2009 boma la South Africa linabvomereza kuwapatsa zilolezo zapadera zokhalira ndi kugwirira nchito. Anthu oposa 240,000 analandira. Zilolezozo zinasinthidwa dzina ndi kuonjezeredwa mu 2014 ndiponso mu 2017, pamene zinachedwa ZEP, ndipo ozilandira anatsala pafupi-fupi 178,000. Anthu amenewa sanali ozemba ai. Anapereka zidindo za zala, analipira ndalama zimene boma linafuna, anakhoma misonkho, anatsegula mabuku ku banki, ndipo ana ao anabadwira ndi kuphunzira komweko. Koma cilolezoco cinali ndi mau amene ambiri sanawasamale: cinanena poyera kuti mwini wake sadzapempha naco ufulu wakukhala m'dzikomo kwa muyaya, ngakhale akhale zaka zingati.

Mu Novembala 2021 nduna za boma la South Africa zinagamula kuti zilolezozo, zimene zinali kutha pa 31 Disembala caka comweco, sizidzaonjezeredwanso. Anthu anapatsidwa caka cimodzi kuti apeze cilolezo ca mtundu wina kapena acoke. Koma zilolezo za mtundu wina zifuna maphunziro apamwamba kapena luso losowa m'dzikomo, ndipo wanchito wa m'nyumba, wa pa pulazi ndi woyendetsa galimoto analibe polowera. Mabanja amene anakhala mwamtendere zaka zoposa khumi anayamba kugona osadziwa ngati mwana adzatsiriza sukulu kumene anaiyambira.

Bungwe la Helen Suzman Foundation linatengera nkhaniyi ku bwalo la milandu, ndipo mu Juni 2023 bwalo lalikulu la ku Pretoria linagamula kuti nduna yoona za m'dziko, a Aaron Motsoaledi, inaphwanya malamulo pothetsa zilolezozo kopanda kuyamba yamva anthu amene nkhaniyi inawakhudza. Bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko linakana apilo ya ndunayo mu 2024. Kucokera apo zilolezozo zakhala zikuonjezeredwa pang'ono-pang'ono, ndipo mu Okutobala 2025 nduna ina, a Leon Schreiber, inaziika kuti zifike pa 28 Meyi 2027. Tiyamika kuti mabwalo a milandu anaimirira anthu osauka. Koma tipenyetsetse cimene bwalolo linanena: linati ndunayo inalakwitsa njira, silinati anthuwo asanduka eni dziko. Munda ukali wobwereka, ndipo cimene casintha ndi tsiku lobweza. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Mwana wa Zambia amene akhala ku South Africa pa cilolezo ca nchito, ca sukulu kapena ca ukwati ali pansi pa lamulo limodzi-modzi lakuti wopereka ndiye aika tsiku.

KUKHALA NDI UFULU KOPANDA UMBONI

Ku Britain, kumene anamwino athu ndi osamalira okalamba apita ambiri, kunacitika cinthu ca mtundu wina. Kuyambira 1948 anthu a ku zisumbu za Caribbean anapita kumeneko kukagwira nchito m'zipatala, m'mabasi ndi pa njanji, ndipo lamulo la mu 1971 linapatsa amene anali atakhazikika kale ufulu wakukhala kwa muyaya. Ambiri sanapatsidwe pepala lirilonse losonyeza ufuluwo, ndipo mu 2010 unduna woona za m'dziko unaononga makadi akale olembedwa pa tsiku limene anthuwo anafika. Boma litakhwimitsa malamulo kuti olemba nchito, eni nyumba ndi zipatala azifunsa mapepala, nkhalamba zimene zinakhala ku Britain zaka makumi asanu zinacotsedwa nchito, zina zinatsekeredwa, ndipo zina zinapitikitsidwa kupita ku maiko amene zinacokako ziri ana. Nkhaniyi, imene ichedwa Windrush, inaululika mu 2018, ndipo nduna Amber Rudd inatula pansi udindo. Anthuwo ufulu anali nao, cimene analibe ndi umboni.

Ana athu a kumeneko aphunzirepo kusunga pepala lirilonse: kalata yolembedwera nchito, mapepala a malipiro, a msonkho, a lendi, ndi mapasipoti akale amene anatha. Adziwenso kuti makadi a cilolezo amene alendo anali kunyamula anatha pa 31 Disembala 2024, ndipo umboni wa cilolezo tsopano usungidwa pa intaneti, pamene mwini wake ayenera kulembetsa pasipoti yatsopano akangoilandira. Ndiponso cilolezo ca nchito kumeneko ndi comangirira kwa wolemba nchito. Kampani ikalandidwa mphamvu yolemba alendo, wanchito amapatsidwa masiku 60 cabe kuti apeze ina kapena acoke, ngakhale iye sanalakwe kanthu.

PASIPOTI IMERA PA MUDZI

Tsopano tifotokoze m'mene mapepala amenewa agwirirana, pakuti apa ndi pamene anthu a m'midzi alowera. Cilolezo ca dziko la eni cimaikidwa pa pasipoti. Pasipoti ya Zambia ikhala zaka khumi kwa munthu wamkulu ndi zaka zisanu kwa mwana. Ikatha, unzika wa mwini wake sukutha ai, koma iye sangaoloke malire, ndipo eni dziko sangamuonjezere cilolezo pa buku lakufa. Maiko ambiri salola ngakhale kulowa ndi pasipoti imene yatsala ndi miyezi yosakwana isanu ndi umodzi. Motero munthu amene wacedwa kukonzanso pasipoti amacedwanso kukonza cilolezo, ndipo cilolezo cikatha iye wasanduka wophwanya lamulo, ngakhale akhale munthu wopemphera ndi wolimbika pa nchito.

Cilango cake ncolemera. Ku South Africa, malinga ndi malamulo amene anayamba mu 2014, munthu wopitirira masiku ake ndi masiku osaposa 30 aletsedwa kulowanso caka cathunthu, ndipo wopitirira ndi masiku oposa 30 aletsedwa zaka zisanu. Wogwidwa ali m'kati atengedwa kupita ku Lindela, pafupi ndi Krugersdorp, kumene asunga anthu oyembekeza kubwezedwa kwao, ndipo katundu wake atsala m'manja mwa ena. Amene sanagwidwe akhala moyo wa mbewa. Bwana akamudyera malipiro sangadandaule, akabedwa aopa kupita ku polisi, ndipo mai wake akamwalira kuno sabwera ku maliro, podziwa kuti akaturuka sadzalowanso. Umu ndi m'mene machona a masiku ano apangikira. Kawiri-kawiri mwana amene timunena kuti waiwala kwao sanaiwale ai, wamangidwa ndi pepala lakutha, ndipo acita manyazi kuuza makolo ake.

Nanga pasipoti icokera kuti? Icokera pa reji, ndipo reji icokera pa mudzi. Turutsani reji yanu muipenye: pali dzina la mudzi, dzina la mfumu ndi dzina la boma. Mwana akafika zaka 16 salembetsa yekha, apita ndi kholo kapena mbale wokhala ndi reji kuti akamucitire umboni. Lamulo la mu 1971 loona za kulembetsa ndi kutukula midzi linaika kuti mudzi uliwonse ukhale ndi buku la maina a anthu ake. Ndiye kuti pepala limene lisonyezedwa pa bwalo la ndege ku London mizu yake iri m'buku la nyakwawa ku Sinda kapena ku Vubwi. Nyakwawa imene yalekerera bukulo kudyedwa ndi ciswe yadula mizu ya ana ake a kunja osadziwa. Ndipo pa kalata ya kubadwa tiri m'mbuyo kwambiri: kafukufuku wa za umoyo wa mu 2018 anapeza kuti mwa ana 100 osakwana zaka zisanu m'dziko lino, 14 okha ndiwo anali olembetsedwa.

Ticenjezenso za anthu oyenda-yenda pa malire ndi m'mataundi, amene alonjeza kudinda pasipoti kapena kupanga cilolezo pa masiku awiri. Cidindo cabodza ciposa pepala lakutha kuipa, cifukwa wa pepala lakutha abwezedwa kwao, koma wa pepala labodza ayamba waona ndende. Amene afuna thandizo apite ku ofesi ya kazembe wa Zambia ku Harare, ku Pretoria kapena ku London, ndipo apite pasipoti ikali ndi caka cathunthu. Pakadafunda padajiwitsa galu.

KHOMO LIMENE LINATSEGUKA MU 2016

Kwa zaka zambiri malamulo athu sanalole munthu wamkulu kukhala nzika ya maiko awiri, ndipo amene anatenga unzika wa kwina anataya wa kuno. Ici cinaika ana athu pa mphambano yowawa: ena anakana unzika wa kumene akhala poopa kutaya kwao, natsala pa zilolezo zakutha-kutha moyo wao wonse, ndipo ena anautenga nasanduka alendo m'dziko lobadwira. Malamulo oyendetsera dziko atasinthidwa mu Januwale 2016, bvuto limeneli linatha. Tsopano nzika ya Zambia sitaya unzika wake potenga wa dziko lina, ndipo amene anautaya kale pa cifukwa cimeneci akhoza kupempha bungwe loona za unzika kuti liwabwezere. Malamulo omwewo anena kuti mwana wobadwira kunja, amene kholo lake limodzi ndi nzika ya Zambia mwa kubadwa kapena mwa mtundu, nayenso ndi nzika.

Uthenga umenewu sunafike kwa onse, ndipo ndi nchito ya makolo kuufikitsa. Mwana amene wakwanitsa zaka zofunika kumene akhala apemphe ufulu wakukhala kwa muyaya kapena unzika wa kumeneko, osaopa, pakuti kwao sikumutaya. Ndipo mdzukulu wobadwira ku Pretoria kapena ku Manchester alembetsedwe ku ofesi ya kazembe akali wakhanda, abwere naye kumudzi aone manda a makolo, ndi dzina lake lilowe m'buku la mudzi agogo ake akali ndi moyo kuti amucitire umboni. Lamulo lapereka colowa, koma colowa copanda mboni cimabvuta kulandira, monga taonera ku Zimbabwe.

MBALI YA BOMA

Alipo akulu ena amene akumbukira caka ca 1961, pamene anthu a dziko lino anatentha zitupa za atsamunda m'masiku a Cha Cha Cha, ndipo kufikira lero pepala lirilonse la boma aliona ndi diso lokayika. Akuluwa tiwalemekeza, ndipo tiwakumbutsa kuti citupa cija cinali ca msonkho ndi coletsa munthu kuyenda m'dziko la makolo ake. Anacitentha kuti ana ao adzakhale ndi dziko lao-lao ndi citupa cao-cao. Kunyozera reji ndi pasipoti ya Zambia ndiko kunyozera cimene iwo anabvutikira.

Koma sitingaike katundu yense pa mutu wa munthu wamba. Boma liri ndi mbali yake, ndipo tiinena mosabisa. Mai wa kumudzi amene ayenda ulendo wa tsiku lathunthu kupita ku boma, nauzidwa kuti abwerenso sabata la mawa, sabweranso. Magulu olembetsa anthu m'midzi asamaoneke pokha-pokha masankho akayandikira, cifukwa reji si ya voti yokha. Kalata ya kubadwa iyambire pa cipatala pomwe mwana wabadwira. Pasipoti yopemphedwa ndi munthu wa kunja ituruke msanga, pakuti mwezi umodzi wocedwa ku Lusaka ukhoza kukhala zaka zisanu zoletsedwa ku Beitbridge. Akazembe athu asayembekeze anthu m'maofesi cabe, koma apite ku migodi, ku mapulazi ndi ku makomboni kumene kuli mbeu ya Zambia, maka-maka ku Zimbabwe, kumene nkhalamba zodziwa dzina la mudzi ndi la mfumu ziri kutha caka ndi caka. Nkhalamba iriyonse yotere ikaikidwa m'manda, umboni wa banja lonse ulowa nayo.

Ndipo cimene tipempha kuti ena acitire ana athu, ifenso ticitire ana a ena. Dziko lino linasunga anthu othawa nkhondo a ku Mozambique ku Ukwimi kufikira nkhondo yao itatha mu 1992 ndi iwo kubwerera. Linasunganso a ku Angola ku Meheba ndi ku Mayukwayukwa, ndipo mu 2011 linalonjeza kupatsa 10,000 mwa iwo zilolezo zokhalira konkuno. Mbiri imeneyi ndi yabwino, tisaidetse. Mlendo amene mapepala ake atha pakati pathu alangizidwe njira ya ku ofesi yoona za olowa ndi oturuka, asaopsezedwe kapena kudyeredwa, pakuti momwe timugwirira ndi momwe mwana wathu agwiridwira tsidya lija la Limpopo.

NCHITO YA MUDZI ULIWONSE

Tipempha mafumu, anyakwawa, makhansala, aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi a magulu a azimai kuti nkhaniyi aitengere ku misonkhano yao. Nyakwawa iriyonse ifukule buku la mudzi, ilembemo amene ali kunja, kumene ali, ndi maina a ana ao. Banja lirilonse lisunge cithunzi ca reji ndi ca pasipoti ya mwana wao pamalo ouma, pamodzi ndi makadi a feteleza ndi a ku cipatala, kuti zikatayika kunja umboni upezeke kuno. Wacinyamata amene akonzeka ulendo asacoke ndi pepala loyendera masiku ocepa ali ndi mtima wokakhala zaka, ndipo akulu asamupatse ndalama ya basi asanaone mapepala ake. Amene ali ndi mbale amene anachona ku Zimbabwe amufune-fune, pakuti lamya za masiku ano zafupikitsa mtunda umene unalekanitsa makolo athu.

Mwana wanu akaimba lamya sabata lino, musayambe ndi za feteleza. Mufunseni tsiku limene pasipoti yake idzatha ndi tsiku limene cilolezo cake cidzatha, ndipo masiku awiriwo muwalembe pa cikuto ca buku limene mutsegula kawiri-kawiri. Akayankha mozemba, dziwani kuti pali bvuto, ndipo musamukalipire. Muuzeni kuti munda wake ulipo, dzina lake liri m'buku la mudzi, ndipo kubwera wopanda kanthu m'manja si mlandu. Akulu anati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Koma kuti kwanu kukhale kwanu pa tsiku la mabvuto, payenera kukhala munthu amene wasunga dzina lako.